Vomera mwanangu, koma undimvere kaye

Eya, moni nonse pagulu pano. Akuluakulu mundikhululukire, mawuwa atalika pang'ono. Ndinayamba kulemba koma ndaona kuti nkhaniyi ndi zala siitheka, bola ndingolankhula. Ndikuyankha mwana wa achimwene. Kwa amene simunaone, usiku wathawu analemba kuti abusa ndi akulu ampingo am'pempha aziphunzitsa Sande sukulu, kalasi la ana a zaka 6 mpaka 9. Ndiye akufunsa kuti, "Azakhali, inu mwakhalitsa ndi ana kutchalitchi. Kodi munthu angatumikire ana pamene mumtima mwake samva chikondi chambiri pa iwo? Ine phokoso limanditopetsa, komanso mtima wanga ndi wapachala. Ndivomere kapena ndikane?"

Mwanangu, zikomo kuti sunadzibise. Ambiri amangoti "chabwino abusa" chifukwa cha manyazi, pakatha masabata atatu osaonekanso, ana n'kumangodikira okha. Iwe wafunsa usanalonjeze, ndipo chimenecho chandikhazika mtima pansi.

Ine ndikuti vomera. Koma umve chifukwa chake, poti ukangotsata mawu a azakhali, Lamulungu loyamba lovuta udzabwerera m'mbuyo.

Iwe ukuganiza kuti chikondi chimayamba chafika mumtima, munthu n'kumva kutentha, kenako n'kunyamuka kukatumikira. Ine pa zaka 19 zomwe ndakhala ndi anawa ndaona kuti kawirikawiri sizitero. Umapita kaye, umakhala nawo, umadziwa maina awo, ndiye chikondicho chimakupeza uli kale pantchito. Tatsegula Yohane 13, vesi 34. Ambuye Yesu akuti akutipatsa lamulo latsopano, kuti tizikondana monga Iye anatikondera. Wamva mawuwo? Lamulo. Munthu sungamulamule kuti amve kukoma mumtima, koma ungamulamule kuti achite kanthu. Ndipo uone usiku umene anawalankhula. Anali atangosambitsa mapazi a ophunzira ake, Yudasi anali atangotuluka kukamupereka, ndipo mavesi ochepa kutsogoloko akuuza Petro kuti amukana katatu tambala asanalire. Pakati pa womupereka ndi womukana m'pamene akunena za chikondi. Sanadikire kuti akhale pakati pa anthu osavuta kuwakonda.

Komanso 1 Akorinto 13 uja timamumva kwambiri pa maukwati, Paulo sanalembere akwati ayi. Analembera mpingo wa ku Korinto umene unali wogawikana, ena akuti ndife a Paulo, ena a Apolo, ena a Kefa, mpaka kumatengerana kubwalo la milandu. Ndiye akamati chikondi chimaleza mtima, sichipsa mtima msanga, sichisunga mangawa, akunena kwa anthu amene anatopetsana. Kuleza mtima kumafunika pamene pali wina wokuyesa. M'kalasi lako adzakhalapo, mwina atatu.

Ndikuuze za mmodzi wanga.

Chaka changa chachiwiri ndikuphunzitsa, ndinali ndi kamnyamata kena ka zaka 8. Mwana uyu ankandisowetsa mtendere. Kutsina anzake, kukwawira pansi pa benchi, kuyankha mokuwa zinthu zosagwirizana n'zomwe ndafunsa kuti anzake aseke. Ndinkati ndikamuona akulowa, mtima unkangoti phwii. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, masiku amene wajomba ndinkamva kupepukidwa. Ndipo kangapo konse ndinamutulutsa panja.

Tinkaphunzitsa awiri, ine ndi mayi ena achikulire, ofatsa, osalankhulalankhula. Tsiku lina titaweruka anandiitanira pambali n'kundifunsa kuti, "Kodi mwaona nthawi imene mwana uja amayamba kusokoneza?" Ine ndinati nthawi ina iliyonse. Iwo anati, "Ayi. Poimba amakhala bwino. Pofotokoza nkhani amamvetsera. Muonetsetse sabata ya mawa."

Ndinaonetsetsa. Ndinali ndi chizolowezi choti ana aziwerenga vesi mmodzimmodzi, motsata mzere. Baibulo litatsala ana awiri kuti lifike pa iye, m'pamene anatsina mnzake. Mwanangu, mwana uja sankadziwa kuwerenga. Ankasankha kutulutsidwa panja kusiyana ndi kusekedwa ndi anzake. Ndipo ine, mphunzitsi wake, ndinakhala miyezi ingapo ndikumulanga chifukwa cha manyazi ake. Tsiku limenelo nditatuluka ndinam'peza ali pansi pa zenera. Ndinamufunsa ngati anamva vesi loloweza. Analinena lonse osaphonya, ndi chaputala chomwe. Anali akumvera panjapo.

Ndinalira nditafika kunyumba. Mpaka lero ndikakumbukira zimandipweteka.

Ndinasiya zowerengetsa motsata mzere, n'kumati wofuna akweze dzanja. Ndinalankhula ndi amayi ake, n'kugwirizana kuti azibwera msanga. Ndinam'patsa ntchito yokonza mabenchi, ndipo akamaliza tinkakhala naye, ine ndi mayi aja, mphindi 15 zokha, kuphunzira zilembo. Usaganize kuti anasintha tsiku lomwelo. Kutsina anapitiriza ndithu kwa kanthawi. Amene anayamba kusintha ndi ine. Lamulungu lina sanabwere, ndipo ndinangozindikira kuti maso anga akungopita pakhomo, ndikuphunzitsa koma ndikumudikira. M'pamene ndinadziwa kuti ndimamukonda. Chikondi chimene iwe ukuti sukuchimva, kwa ine chinadza chotero, mochedwa, nditayamba ndalakwa.

Pepani, mawu aja anaduka, ndikupitiriza.

Ndimati ndinene kuti nkhani yowerengayi si yachilendo mu utumikiwu. Munthu amene amatchulidwa kwambiri pa chiyambi cha Sande sukulu, Robert Raikes, anali mkonzi wa nyuzipepala mumzinda wa Gloucester ku England. Ankayendera akaidi m'ndende, ndipo ankaonanso ana osauka amene ankagwira ntchito masiku 6 pa sabata, tsiku Lamulungu n'kumangoyendayenda m'misewu. Mu 1780 anayamba kuwasonkhanitsa tsiku limenelo, amayi ena n'kumawaphunzitsa kuwerenga pogwiritsa ntchito Baibulo. Sanayambe ndi ana aulemu a akulu ampingo ayi. Anayamba ndi ana amene anthu ankawadandaula. Ndiye ukadzapeza wovutitsitsa m'kalasi mwako, udziwe kuti ntchitoyi inayambira pa ana ngati iyeyo.

Tsopano Marko 10, kuyambira vesi 13. Ndime imeneyi aliyense amaidziwa, "Lolani ana adze kwa Ine," koma timaithamangira. Anthu akubweretsa ana kuti Yesu awakhudze, ndipo Luka 18 akuti ena anali makanda enieni. Ophunzira akuwadzudzula. Ine sindiwaona ngati anthu ankhanza ophunzirawo. Ankaona kuti Mphunzitsi ali ndi nkhani zazikulu, za akuluakulu, ana akungochedwetsa zinthu. Maganizo omwewo alipo mpaka lero, pamene ana amatulutsidwa kuti mapemphero "enieni" ayambe, n'kupatsidwa aliyense amene wapezeka. Koma Marko akuti Yesu ataona zimenezo anakwiya. Si malo ambiri m'Mauthenga Abwino pamene timamva kuti anakwiya, koma apa anakwiya, ndipo anakwiyira anthu ake omwe. Kenako sanangowadalitsa ali patali. Anawayangata, n'kuika manja ake pa iwo.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti chaputala chimodzi chokha m'mbuyo, pa Marko 9, ali ku Kapernao, ophunzira omwewa anali atakangana m'njira za amene ali wamkulu. Yesu anatenga mwana, n'kumuimika pakati pawo, n'kunena kuti wolandira mwana wotere m'dzina lake walandira Iye. Anamva, anaona, koma posakhalitsa akuthamangitsa ana. Ngati Petro ndi anzake anafunika kuuzidwa kawiri, iwe usadabwe ukadzaiwala. Udzabwerere basi, n'kuyambanso.

Za mtima wapachalawo, apa ndilankhule mosabisa, ndipo achimwene mukumva, musati ndikum'kalipira mwana. Kutopa ndi phokoso si tchimo. Kumva mkwiyo ukukwera si tchimo. Koma dzanja lako lisadzakhudze mwana wa munthu mwaukali, ndipo pakamwa pako pasadzatuluke mawu omuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Mwana amaiwala vesi, koma tsiku limene mphunzitsi wa kutchalitchi anamunena kuti ndi chitsiru saliiwala, ndipo amaganiza kuti Mulungu nayenso amamuona choncho. Usadzawaopseze ndi Mulungu kuti akhale chete, zoti "Mulungu akulanga ukapanda kukhala pansi." Ukumuphunzitsa kuthawa Atate wake. Ukaona kuti mutu wayamba kutentha, uza mnzako agwirizire, tuluka, pumako, bwerera. Ukadziyesa n'kupeza kuti dzanja lako sungaliletse, pamenepo ndiye kana, ndipo ine ndidzakhala woyamba kukuikira kumbuyo. Mu mpingo muli ntchito zina.

N'chifukwa chake ndikuti ukauze abusa kuti sufuna kukhala wekha m'kalasi. Akulu awiri nthawi zonse, chitseko chotsegula. Izi zimateteza ana, zimatetezanso iwe, ndipo waona kale kuti maso a mnzanga ndi amene anaona zomwe ine sindinkaona. Usakhale ndi mwana awiriwiri pobisika, ngakhale cholinga chili chabwino chotani. Ndipo tsiku lina, mwana akakuzolowera, angadzakuuze chinthu cholemera, kuti wina akum'chita zoipa. Usadzakuwe, usadzamufunse mafunso ambirimbiri, usadzamulonjeze kuti susimbira munthu. Umumvetsere, umuuze kuti wachita bwino kunena ndipo si iye wolakwa, kenako nkhaniyo ifike kwa oyenera, atsogoleri ndi a boma oteteza ana. Kubisa kuti dzina la mpingo lisaipe, chimenecho si chikondi. Pa Mateyu 18 vesi 6 Ambuye ananena kuti wokhumudwitsa mmodzi wa aang'onowa, bola am'mangirire mphero m'khosi n'kumumiza m'nyanja. Mawu aukali choncho anawanena poteteza ana.

Zina n'zazing'ono, uziphunzira ukuchita. Maina uwadziwe msanga, onse, ndipo uziwatchula bwino. Konzekera phunziro pakati pa sabata, osati uli m'njira. Nkhani imodzi, mfundo imodzi. Ana a msinkhu umenewo sakhala phee nthawi yaitali, ndiye aimbe, aime, ayesezere nkhaniyo, wina akhale Davide wina Goliati. Akafunsa funso lokukanika, uwauze kuti ukafufuza, ndipo ukafufuzedi.

Uziwauzanso za ana anzawo a m'Baibulo, amazikonda kwambiri. Kamtsikana kogwidwa ukapolo kamene kanauza mkazi wa Namani za mneneri wa ku Samariya, pa 2 Mafumu 5. Dzina lake silinalembedwe n'komwe, koma mkulu wa asilikali anachira khate chifukwa cha mawu ake. Mnyamata wa mikate isanu ndi nsomba ziwiri pa Yohane 6. Yosiya amene analowa ufumu ali ndi zaka 8. Udzaone nkhope zawo akamva kuti mfumuyo inali ya msinkhu wawo.

Makolo usawalande malo. Deuteronomo 6 akupereka ntchito yophunzitsa ana kwa a m'nyumba, pokhala pansi, poyenda, pogona ndi podzuka. Timoteo chikhulupiriro anachipeza kwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike. Iwe uli ndi ola limodzi pa sabata, ndiwe wothandizira. Koma padzakhala ana obwera okha, opanda wowaperekeza, amene kwawo dzina la Yesu silitchulidwa. Kwa amenewo ola lakolo ndi lalikulu. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kamnyamata kanga kaja tinakhala nako zaka ziwiri. Pomaliza kankatha kuwerenga Salimo 23 pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Kenako banja lawo linasamuka, ndipo sitinaonanenso. Poyamba zinkandivuta kuti ndagwira ntchito koma zipatso sindiziona. Amene anandithandiza ndi Paulo yemwe uja, pa 1 Akorinto 3, pamene akuti iye anabzala, Apolo anathirira, koma wokulitsa ndi Mulungu. Ndimamupemphererabe potchula dzina lake.

Chinanso, iwenso uzidya Mawu. Pempha kuti muzisinthana, kuti masabata ena uzikhala nawo m'mapemphero a akulu. Ndaona aphunzitsi abwino akuuma chifukwa chaka chonse ali ndi ana, ulaliki osaumva.

Ndiye ukapita kwa abusa ukanene chonchi: ndavomera, koma miyezi itatu yoyamba ndikhale wothandizira wa mphunzitsi amene wakhalitsa, ndione mmene amachitira. Akupatsenso mndandanda wa maina a anawo. Uyambe kuwapempherera mmodzimmodzi usanawaone n'komwe.

Lachisanu madzulo undiimbire tikonzere limodzi phunziro lako loyamba. Ine ndikuganiza za Samueli ali mwana, pa 1 Samueli 3, pamene Mulungu ankamuitana usiku iye n'kumathamangira kwa Eli. Uwerengeretu, ndipo uonetsetse zimene Eli anachita ulendo wachitatu. Alamu, mwana wanu ndamuyankha. Tsalani bwino nonse.