Kodi "Feria" ndi dzina la woyera?

FUNSO: Ndimaimba mu kwaya ya Misa ya m'mawa pa parishi ina ku Chawama. M'kabuku ka Ordo, kosonyeza Misa ya tsiku lililonse, kamene kamakhala ku sakiristi, masiku ambiri palembedwa mawu akuti "Feria". Ena akuti ndi dzina la woyera, ena akuti ndi tsiku lopuma. Zoona ndi ziti, ndipo pa tsikulo tiziimba chiyani? — Mayi wa kwaya, Lusaka

YANKHO: Mayi, pa kalendala ya Mpingo palibe woyera wotchedwa Feria. Ndi mawu a Chilatini otanthauza tsiku wamba la mkati mwa sabata, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, limene silinagwere chaka (chikondwerero cha Mpingo) kapena chikumbutso chokakamiza cha woyera. Amene akuti ndi tsiku lopuma sanaphonye kwenikweni, chifukwa Aroma akale ankatchula choncho masiku osagwira ntchito, koma Mpingo unawapatsa tanthauzo lina.

Samalani ndi manambala. Chilatini chimawerenga kuyambira Lamulungu, choncho Feria II ndi Lolemba, osati Lachiwiri, ndipo Feria VI ndi Lachisanu. Ife timayambira Lolemba, n'chifukwa chake wowerenga mawu amatha kutsegula tsamba la mawa lake. Abale athu a ku Mozambique izi siziwavuta, poti m'Chipwitikizi Lolemba ndi segunda-feira.

Tsono za kwaya. Pa feria ya m'nyengo ya pachaka (masabata wamba, kunja kwa Adventi, Khirisimasi, Lenti ndi Pasaka) wansembe amavala zobiriwira. Nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu saimba, Kumvera (pemphero lovomereza chikhulupiriro) sanena. Makwaya ambiri amalakwitsa pomwepa: poti nyimbo anaiphunzira bwino Lamulungu, amaiyambanso Lachitatu, ndipo Bambo Mfumu amangoima kudikira kuti ithe. Isungeni ya Lamulungu ndi masiku a zaka. Mukaiimba tsiku lililonse, akhristu sadziwanso kuti lero n'tsiku lalikulu. Ambuye Mutichitire Chisoni, Aleluya, Woyera Woyera ndi Mwana wa Nkhosa imbani monga mwa nthawi zonse, kupatula Aleluya mu Lenti.

Mawu amawerengedwa awiri okha, oyamba ndi Mthenga Wabwino, salimo pakati. Oyambawo ali ndi zaka ziwiri: Chaka I pa zaka ngati 2025 ndi 2027, Chaka II pa 2026 ndi 2028. Musasokoneze ndi zaka A, B ndi C, zimenezo ndi za mawu a Lamulungu. Mthenga Wabwino susintha chaka ndi chaka: Marko sabata 1 mpaka 9, Mateyo 10 mpaka 21, Luka 22 mpaka 34.

Pa feria wamba wansembe ali ndi ufulu wosankha. Akhoza kuchita Misa ya omwalira, yopempha mvula kapena mtendere, ya woyera amene chikumbutso chake n'chosakakamiza, kapena ya Amayi Maria Loweruka. Ndiye mufunseni dzulo lake musanasankhe nyimbo, chifukwa ndi mtundu wa chovala womwe umasintha.

Koma si feria iliyonse imene ili yopepuka chonchi. Malinga ndi kalendala imene Papa Paulo VI anavomereza mu 1969, Lachitatu Laphulusa ndi masiku a Sabata Loyera sagonjera chikondwerero chilichonse. Mu 2024, pa 25 Marichi, tsiku limene timakumbukira mngelo akulonjera Maria, panali Lolemba la Sabata Loyera, ndipo chikondwererocho chinasunthidwira pa 8 Epulo. Masiku a Lenti ndi a pa 17 mpaka 24 Disembala nawonso amaposa zikumbutso za oyera: Misa imakhala ya nyengoyo, chovala chapepo, ndipo woyerayo angotchulidwa m'pemphero loyamba ngati wansembe wafuna.

Mukatsegula Ordo, yang'anani kaye nyengo ndi nambala ya sabata, kenako mtundu wa chovala. Gwiritsani ntchito Ordo ya chaka chino ndiponso ya kuno ku Zambia, chifukwa dziko lililonse ndi dayosizi iliyonse zili ndi masiku akeake amene ya kwina ingawalembe kuti feria.