Yankho pa nkhani ya mnzanu wolandidwa pasipoti ku Britain

Achemwali, mwafunsa chochita pa nkhani ya mnzanu wa pa yunivesite amene bwana wake wa kuntchito wamulanda pasipoti n'kumamudula malipiro. Musadikire kuti umboni ukwane. Imbani foni ku Modern Slavery Helpline, yomwe imathandiza anthu ogwiritsidwa ntchito ngati akapolo, pa 08000 121 700, ndipo sakukakamizani kutchula dzina lanu. Bwana akasunga pasipoti ya mnzanu wa pa yunivesiteyo, n'kumadula malipiro ake pa ngongole yosatha, zimenezo ndi zizindikiro za ukapolo umene lamulo la ku Britain la 2015 limaletsa. Ndinaonapo mnyamata wina akuwodzera m'kalasi tsiku ndi tsiku atachezera kutsuka mbale, koma sankaulula chifukwa ankamuopseza kuti viza yake ithetsedwa. Musapite nokha kukakangana ndi bwanayo. Pa za viza, mnzanuyo akaonane ndi loya kapena alangizi a ophunzira ochokera kunja pasukulupo, ndipo moyo wake ukakhala pangozi imbani 999, nambala yoitanira apolisi mwachangu.