Za ulendo wa ku Iran: musalole kuti akufikitseni ku Persepolis masana

Achemwali, ndaona funso lanu loti inu ndi bambo a kunyumba mukufuna kupita ku Iran kukaona malo a mafumu akale a Perisiya, ndipo mukufunsa kampani yabwino yoyendetsa alendo, mtengo wake komanso nkhani ya viza. Za viza ena akuyankhani kale. Ine ndiyankhepo za ku Shiraz ndi malo ozungulira mzindawu, chifukwa ndi kumene ndinapondako, ndiponso ndi kumene ulendo wotere umakomera kapena kuwonongekera.

Pulogalamu iliyonse imene yalemba kuti tsiku limodzi mudzaona Persepolis (mabwinja a nyumba za mafumu a Perisiya), Naqsh-e Rostam ndi Pasargadae (kumene kuli manda a mafumuwo), kenako mukagone ku Yazd kapena ku Isfahan, ikaneni. Pa pepala imaoneka yotchipa komanso yodzadza, koma kumeneko ndi kudutsa, osati kuona. Ife kampani ina, sinditchula dzina, inatichita zimenezi. Basi inachedwa kunyamuka chifukwa chotolera anthu m'mahotela osiyanasiyana, tinafika ku Persepolis dzuwa lili paliwombo, ndipo pamalopo mthunzi ndi wochepa kwambiri. Miyala inali yotentha, mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu anangokhala pansi pa chipata osapitanso patsogolo. Woperekeza wathu anali kutsogolo ndi ambulera yake kutithamangitsa ngati mbuzi zobwerera ku khola, akungoloza ndi chala, uku ndi kwa Darius, uko ndi kwa Xerxes, tiyeni. Koma titafika pa sitolo ya makapeti ya mnzake, nthawi inapezeka yambiri, tiyi anabwera kawiri. Zinandiwawa mpaka ndinalipiranso ndalama zina kubwererako m'mawa ndi woperekeza wa ku Shiraz komweko, ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti poyamba paja sitinaone kanthu.

Ndiye chitani chonchi. Gonani ku Shiraz, pezani woperekeza wokhala ndi chiphaso cha boma amene ali ndi galimoto yake kapena dalaivala wake, munyamuke m'mamawa kuti mukakhale pa chipata cha Persepolis akamatsegula. Kuchoka ku Shiraz ndi makilomita pafupifupi 60, cha ku tauni ya Marvdasht, ola limodzi basi. Nthawi imene ndinapita, woperekeza ndi galimoto tsiku lonse zinkakwana cha m'ma madola 60 mpaka 100, kutengera kuti mufika ku Pasargadae kapena ayi. Mitengo kumeneko imasintha msanga, choncho tengani izi ngati chithunzi chabe. Cholowera pakhomo alendo akunja amalipira zambiri kuposa eni dziko, komabe ndi madola ochepa. Mukafunsa njira, dziwani kuti eni ake malowa amawatchula Takht-e Jamshid.

Chifukwa chimene ndikulimbikira m'mawa si kutentha kokha. Persepolis ndi malo ofunika kuwerenga pang'onopang'ono. Darius woyamba, amene m'Baibulo timamuwerenga kuti Dariyo, anayamba kumanga cha m'ma 518 BC, mwana wake Xerxes ndi mdzukulu wake Artaxerxes anapitiriza, ndipo Alexander wa ku Macedonia anadzautentha mu 330 BC. Madenga anali a matabwa, anapsa, chotsala ndi miyala. Mumakwera masitepe 111 osaya kwambiri moti ngakhale wodwala mawondo amakwera, n'kufika pa chipata chimene Xerxes anamanga, chotchedwa Chipata cha Mitundu Yonse, chokhala ndi ng'ombe zikuluzikulu zamiyala, zina zamapiko ndi mitu ya anthu. Pa khoma la chipatacho alendo akale anazokotapo mayina awo. Muuzeni woperekeza akuonetseni la Stanley, Henry Morton Stanley yemwe uja anakapeza David Livingstone ku Ujiji mu 1871. Analemba dzina lake pamenepo mu 1870. Ndi khalidwe loipa kuwononga khoma la eni ake, koma kwa ife amene tinaphunzira za anthuwa ku pulayimale zimadzidzimutsa kulipeza kumeneko.

Malo amene ndimawakonda koposa onse ndi masitepe a kum'mawa kwa nyumba yaikulu yotchedwa Apadana. Anakhala okwiririka m'dothi mpaka m'zaka za m'ma 1930 pamene akatswiri ofukula zakale a ku Chicago anawafukula, n'chifukwa chake zosema zake zikuoneka ngati zadzulodzulo, ndevu, tsitsi, mapindo a zovala, zonse. Pano anaikapo denga lotchinga. Pakhomapo anasemapo magulu 23 a mitundu ya anthu a mu ufumuwo akubweretsa mphatso kwa mfumu. Ena akukoka ngamila, ena akavalo, a ku Elamu atenga mkango waukazi ndi ana ake, a ku Babulo ng'ombe yamphongo, a ku India bulu ndi madengu pa phewa. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti gulu lililonse likutsogoleredwa ndi nduna ya mfumu imene yagwira mtsogoleri wawo dzanja. Palibe womangidwa unyolo, palibe wopondedwa pakhosi. Inde, ndi mmene mfumu inkafunira kuti anthu aione, ndipo ufumu uliwonse umadzijambula mokongola, koma kusankha kudzijambula chonchi nakonso kukunena kanthu. Ndipo pitani mpaka kumapeto kwenikweni kwa mzerewo. Gulu lomaliza ndi la anthu a ku Africa kuno, a ku Kusi, kum'mwera kwa Iguputo, atsitsi lopotana, wina wasenza mnyanga wa njovu, wina akukoka nyama imene ena amati ndi kadyamsonga. Woperekeza wothamanga uja sanationetse n'komwe. Ine nditawapeza ndinaimapo nthawi yaitali. Musachoke ku Persepolis musanawaone.

Woperekeza wabwino adzakuuzaninso za timapale ta dothi masauzande ambiri timene anafukula pamalopa, tolembedwa m'chilankhulo cha ku Elamu. Ndi mabuku a kalaliki, owonetsa kuti antchito ankalandira balere, vinyo ndi zina monga malipiro, ndipo amayi amene angobereka kumene ankapatsidwa chakudya chowonjezera. Ngati woperekeza wanu sakudziwa zimenezi, ndi dalaivala chabe amene anaphunzira Chingerezi. Mwina muyeseni pa foni musanagwirizane naye. Mukhalenso ndi mphamvu yokwera kaphiri kumbuyo kumene kuli manda a mafumu osemedwa m'thanthwe, chifukwa pamenepo ndi pamene mumaona malo onse pansi panu n'kumvetsa kukula kwake. Maola atatu kapena anayi ndi amene akufunika. Tengani madzi, chipewa ndi nsapato zophwathalala.

Mukachoka apo pitani ku Naqsh-e Rostam, mphindi zochepa pa galimoto. Ndi phiri la thanthwe limene m'mwamba mwake anasemamo manda anayi a mafumu, aliwonse ooneka ngati mtanda. Amodzi ndi a Darius woyamba, chifukwa pali malemba otchula dzina lake. Enawo akatswiri amati ndi a Xerxes, Artaxerxes woyamba ndi Darius wachiwiri. M'munsi mwake mafumu ena a pambuyo pake kwambiri anadzasemamo zawo, ndipo chotchuka ndi cha Shapur woyamba ali pa kavalo, atagonjetsa Valerian, mfumu ya Aroma imene anaigwira yamoyo mu 260 AD. Malowa ndi aang'ono, mphindi 45 zimakwana, koma ambiri amaona kuti akuposa zimene amayembekezera.

Za Pasargadae ndikuuzeni zoona. Ndi kutali, makilomita pafupifupi 130 kuchoka ku Shiraz, ndipo pali zochepa zoona: manda a miyala yoyera a Cyrus ataima okha pa chigwa, ndi mabwinja ena obalalika. Amene akufuna zithunzi zochititsa kaso amabwerako okhumudwa. Koma mwanena kuti bambo ndi mkulu wa mpingo, ndiye apiteko. Cyrus ameneyu ndi Koresi wa pa Ezara 1 ndi Yesaya 45, amene analanda Babulo mu 539 BC n'kulola Ayuda kubwerera kukamanga kachisi. Kuima pa manda a munthu amene mwakhala mukumuwerenga kuyambira ku Sande sukulu ndi chinthu china. Chenjezo: kumapeto kwa Okutobala, cha pa 28 ndi 29, anthu amakumbukira Cyrus, ndipo zaka zingapo zapitazi boma lakhala likutseka misewu yopita kumeneko. Musaike tsiku limenelo.

Apa ndikonzepo zimene wina walemba pamwambapa zoti Persepolis ndi nyumba ya mfumukazi Estere. Ayi ndithu, tsegulani Baibulo. Nkhani ya Estere, komanso ya Nehemiya asananyamuke, ikuchitikira ku Susani, umene lero ndi mzinda wa Shush m'chigawo cha Khuzestan, kutali kumadzulo chakufupi ndi Iraq. Kumeneko kwatsala maziko okha, pafupi pali malo amene anthu amati ndi manda a Danieli, ndipo chigawocho chimatentha moopsa. Ngati kampani ikukulonjezani "malo a m'Baibulo" koma Shush palibe pa mndandanda, afunseni kuti akutanthauza chiyani.

Tsopano machenjezo, ndipo awa ndi ofunika kuposa zonse ndalemba. Amene wakuuzani kuti mungotenga khadi la kubanki sanapiteko. Visa ndi Mastercard sizigwira ntchito mu Iran chifukwa cha zilango za chuma, ngakhale ku hotela yaikulu. Muyenera kunyamula ndalama zonse za ulendo m'manja, madola kapena mayuro, zatsopano, zosang'ambika, zosalembedwa. Ndi mmene ndalama zakunja zikusowera kwathu kuno, yambani kuzifuna msanga. Sinthani m'mashopu ovomerezeka osinthira ndalama, pang'onopang'ono, chifukwa ndalama yawo imagwa mphamvu mwachangu. Chinanso chosokoneza: pa ndalama palembedwa rial, koma anthu amatchula mitengo mu toman, ndipo toman imodzi ndi ma rial 10. Musanalipire, munthuyo alembe nambala yonse pa foni ndi kunena kuti ndi ziti. Ndipo woyendetsa takisi kapena wogulitsa akakana ndalama n'kunena kuti musavutike, ndi ulemu wawo chabe. Kakamirani kulipira, alandira.

Mwatinso mchimwene wanu wa ku Britain akufuna kupita nanu. Ngati ali ndi pasipoti ya Britain, aganize kawiri. Anthu a mapasipoti a Britain, America ndi Canada saloledwa kuyenda okha popanda woperekeza wovomerezeka, boma la Britain limachenjeza nzika zake kuti zisapite ku Iran, ndipo pakhala anthu a mapasipoti a maiko amenewa amene anamangidwa kumeneko. Akadzafuna kupita ku America pambuyo pake, njira yachidule yolowera popanda viza idzakhala itatsekeka. Komanso aliyense wa inu amene anapitako ku Yerusalemu ndi mpingo, ayang'ane m'pasipoti: chizindikiro choti munali ku Israel chikhoza kukubwezetsani. Ndipo nonse mukudziwa kuti mu Juni 2025 kunali nkhondo ya masiku 12 pakati pa Iran ndi Israel, ndege zinaima, alendo anatsekeredwa. Musalipire ndalama zonse patsogolo, gulani tikiti yotheka kusintha, werengani bwino inshulansi yanu chifukwa zambiri sizilipira za nkhondo, ndipo tsatirani nkhani mpaka tsiku lonyamuka. Kukakhala kuti sikuli bwino, imitsani. Miyalayo yakhala pomwepo zaka 2,500, idzakudikirani.

Muli komweko musajambule apolisi, asilikali, nyumba za boma kapena gulu lochita zionetsero, ndipo kandege kojambulira kaja musakatenge n'komwe. Mowa ndi woletsedwa. Inu achemwali mpango kumutu kuyambira potsika ndege, chovala cha manja aatali chofika m'munsi mwa chiuno, ndi thalauza kapena siketi yofika ku akakolo. Mudzaona atsikana ena a m'tauni mpango uli paphewa, koma inu ndinu mlendo, tsatirani lamulo. Bambo asavale kabudula. Facebook ndi YouTube ndi zotsekedwa, konzani VPN (pulogalamu yotsegulira masamba otsekedwa a pa intaneti) pa foni musananyamuke kuti kunyumba asade nkhawa.

Nyengo yabwino ndi Epulo mpaka pakati pa Meyi, kapena Okutobala ndi Novembala. Julayi ndi Ogasiti ayi, kutentha kumafika madigiri 40. Pewaninso chaka chawo chatsopano, Nowruz, kuyambira cha pa 20 Malichi kwa pafupifupi milungu iwiri. Dziko lonse limakhala pa ulendo, mahotela a ku Shiraz amadzaza, ndipo pa masitepe aja a Apadana mudzangoona misana ya anthu.

Isfahan mwafunsa ija pitaniko, bwalo la Naqsh-e Jahan ndi mizikiti yake ya matailosi obiriwira ndi zokongola zedi, koma dziwani kuti zimenezo ndi za nthawi ya mfumu Shah Abbas, amene anasamutsira likulu kumeneko mu 1598, zaka zoposa 2,000 pambuyo pa Darius. Ndi nkhani ina. Ku Yazd n'kumene mungaone kachisi wa moto wa chipembedzo chakale cha Zoroaster, chimene chidakali ndi anthu ake. Pakati pa mizindayi kwerani mabasi amene amawatchula VIP, mipando yake ndi yotakasuka ndipo ndi otchipa kuposa kulemba galimoto.

Mukakhala ku Shiraz mulawe faloodeh, chakudya chozizira chokhala ndi timaulusi ta ufa chimene amathirako madzi a mandimu, chimagulitsidwa pafupi ndi linga la Karim Khan. Ndipo woperekeza aliyense musanamupatse kobiri, akulembereni pa uthenga nthawi yonyamukira ku hotela, maola amene mudzakhale mkati mwa Persepolis, ndi mawu oti sadzakulowetsani m'sitolo iliyonse pokhapokha mutapempha nokha. Akayamba kuzungulira pa mfundo yachitatuyi, funani wina.