Munda wa mfumu umene unakwiriridwa ku Seville

Funso: Mwana wanga amene akuphunzira ku Spain ananditumizira chithunzi cha bwalo la m'kati mwa nyumba yachifumu ya Alcázar, mumzinda wa Seville. Chandidabwitsa n'chakuti mitengo ya malalanje inabzalidwa pansi ngati m'dzenje, pamene anthu akuyenda pamwamba. Kodi munda umenewu unayamba liti, nanga anaukumbiranji chotere? Mayi wa ku Chilenje, Lusaka.

Yankho: Amayi, bwalo limenelo limatchedwa Patio de las Doncellas. Linamangidwa m'zaka za m'ma 1360 molamulidwa ndi Mfumu Pedro I ya ku Castile (ufumu wakale wa ku Spain), imene, ngakhale inali yachikhristu, inaitanitsa amisiri odziwa kamangidwe kachisilamu, ena ochokera ku Granada ndi ku Toledo. Pakati pa bwalo anaikapo dziwe lalitali lopyapyala, ndipo mbali zonse ziwiri anakumba malo obzalamo mitengo, akuya pafupifupi mita imodzi.

Inu amene mumadziwa dzuwa la mu Okutobala kuno ku Lusaka simungavutike kumvetsa nzeru yake. Ku Seville kutentha kumapitirira madigiri 40 m'chilimwe, ndipo nthaka ya m'munsi, yotchingidwa ndi makoma, imachedwa kuuma, monga momwe dimba la kudambo limasungira chinyontho pamene kumtunda kwauma gwaa. Komanso mitengo ikazika mizu pansipo, nthambi zake zimafika pafupi ndi nkhope ya munthu woyenda m'mbali, kotero kuti maluwa amamununkhirira pomwepo ndipo lalanje amalifikira osanyanyamphira.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti mundawu unasowa kwa zaka zoposa 400. M'zaka za m'ma 1580, mu ulamuliro wa Mfumu Felipe II, anaukwirira ndi dothi n'kuyalapo miyala yosalala ya mabo, kasupe n'kukhala pakati, mpaka anthu anaiwala zimene zinali pansi. Akatswiri ofukula zakale atayamba kukumba mu 2002 anapeza dziwe lija ndi makoma ake a njerwa zili bwinobwino, chifukwa dothi lomwe linazibisalo ndi limene linaziteteza.

Ine ndikuona kuti anachita bwino kuchotsa miyala ija, ngakhale kuti nayonso inali yakale ndithu, pakuti zipilala ndi makoma ozokotedwa a bwalolo anawamangira kuti azioneka m'madzi ndi pakati pa masamba. Choncho mitengo imene mwaiona pachithunzipo ndi ya posachedwapa, koma malo amene yaimamo ndi a m'nthawi ya Pedro I. Mwana wanu akadzapitanso, adzasuzumire m'makoma a pansiwo kuti adzaone timakhoma tanjerwa topindika ngati uta, tolukanalukana.