Timer ikhale ndi dzina la ntchito yoti muchite

Achemwali, mwafunsa kuti mungatani kuti nkhuku ya mu uvuni, mpunga, mbatatesi ndi masamba zipse nthawi imodzi, chifukwa mukatchera ma timer atatu pa foni mumasokonezeka kuti yalirayo ndi ya chiyani. Ine ndikuona kuti ambirife timatchera timer titatereka kale poto, ndiye imangotiuza nthawi yophula basi. Komatu chimene chimachititsa kuti china chizizire pomwe china chikadali chachiwisi ndi nthawi yoterekera.

Yambirani pa nthawi yodyera, muwerenge mobwerera m'mbuyo. Tinene kuti mukufuna kupakula 7:00 madzulo. Nkhuku yathunthu ya makilogalamu 1.5, pa moto wa 190°C, imatenga pafupifupi ola ndi mphindi 20. Ikatuluka muisiye mphindi 15 musanaidule, apo ayi msuzi wake wonse umathera pa mbale, nyama n'kutsala youma. Ndiye kuti ituluke 6:45, ilowe 5:25, ndipo uvuni muyatse 5:10 kuti itenthe kaye. Mpunga woyera umafuna mphindi 15 mpaka 18 pa moto wochepa, kenako mphindi 10 uli chivundikirire mutauphula. Mbatatesi zodula zimapsa mphindi 15 mpaka 20 kuchokera pamene madzi awira, osati pamene mwatereka poto. Apa ndi pomwe masamu a anthu ambiri amasokonekera, chifukwa poto wamkulu wa madzi ozizira atha kukudyerani mphindi 10 asanawire n'komwe. Masamba ndiye omaliza, mphindi zisanu zakwana.

Mukapeza nthawi zimenezi, zoyambira muzitchere ngati alamu ya wotchi: 5:10, 5:25, 6:20 ya mpunga, 6:27 ya madzi a mbatatesi, 6:50 ya masamba. Timer yowerenga mphindi muisungire chakudya chomwe chili kale pa moto. Taonani kuti mpunga ndi mbatatesi sindinaziike mphindi imodzi. Manja ndi awiri okha, ziwiri zikalira pamodzi chimodzi chidikira ndithu, choncho siyani mpata wa mphindi zisanu kapena kuposa.

Za kusokonezekazo, mankhwala ake ndi dzina. Ndipo musangolemba kuti "mpunga", lembani ntchito yake: "phula mpunga, usavundukule", "tembenuza nkhuku", "khetsa mbatatesi". Pa Android, pulogalamu ya Clock ya Google imalola ma timer angapo okhala ndi mayina. Pa iPhone zimenezi zinabwera ndi iOS 17 (pulogalamu yoyendetsa foniyo) mu 2023, ndiye ngati yanu ikukana, onani kaye ngati si yakale. Kuuza Siri (wothandizira wa pa iPhone womva mawu) kapena wothandizira wa Google ndi pakamwa kuti atchere timer kulinso bwino manja akakhala ndi mafuta kapena mwagwira nyama yaiwisi, kusiyana n'kupaka zonsezo pa foni. Ena amagula tima timer ta maginito totchipa n'kuika kalikonse pafupi ndi poto wake. Zimathandiza, bola kasakhale pamoto penipeni. Kwa ine ma timer akapitirira anayi ndi phokoso chabe, kuli bwino pepala lomata pakhoma lokhala ndi nthawi zonse.

Chinanso, timer sidziwa kuti chitofu chanu chimatentha bwanji kapena kuti nkhuku yanu inalowa ikadali yozizira kuchokera mu firiji. Itchereni kuti ilire mphindi zisanu nthawi isanakwane, mukayang'ane. Mbatatesi muzibaye ndi foloko. Nkhuku, ngati muli ndi choyezera kutentha, pantchafu ponenepa pafike 74°C osakhudza fupa. Koma musamangotsegulatsegula uvuni, kutentha kumathawa ndipo masamu anu onse aja amasuntha.

Nkhuku ikachedwa ndi mphindi 10, musathamangitse zonse. Mpunga wovundikira umasunga kutentha bwinobwino, mbatatesi zokhetsa muzibwezere mu poto wake wotentha n'kuvundikira. Chokhacho chosapirira kudikira ndi masamba, amafota n'kusintha mtundu. Choncho alamu ya 6:50 ikalira nkhuku isanatuluke, ikankhireni kutsogolo, masambawo muwatereke pokhapokha nkhuku itakhala pa tebulo.