Kodi kulowa unsembe ntchito itatha n'kuthawa njala?

Achimwene, kalata yanu yandikhudza pabala. Mwati ntchito idakutherani chaka chatha, muli ndi zaka 44, mtima ukukukokerani ku unsembe mu mpingo wa Angilikani, koma abale akuti mukungothawa njala. Ndiye mukufunsa ngati mayitanidwe opeza munthu ali pa ulova angakhale enieni.

Mawu amenewo kwathu tidawamva mpaka kutopa nawo. Bambo anga aang'ono adali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Atawachotsa ntchito adapita kusukulu ya ubusa, imvi zitayamba kale. Pamaliro, pachinkhoswe, ngakhale kuchitsime, anthu ankanong'onezana kuti mkuluyo waonera mbale ya chopereka. Palibe amene ankatchula zoti mayi aang'ono ankadzuka tambala woyamba kukazinga zitumbuwa kuti ana asachotsedwe sukulu nthawi yonse imene amuna awo adali kumaphunziro. Atadzozedwa ndinkawaona akupalasa njinga m'matope kukapereka mgonero kwa odwala, ndipo omwe ankawanena aja ndiwo ankagogoda pakhomo usiku mwana akatsirizika. Adamwalira popanda wowapepesa ndi mmodzi yemwe. Zimandiwawabe.

N'chifukwa chake ndimaikonda mbiri ya John Donne, mlakatuli wa ku England amene adabadwira ku London m'chaka cha 1572. Banja lake lidali la Chikatolika pa nthawi imene Akatolika ankazunzidwa m'dzikomo. Mng'ono wake Henry adafera m'ndende ya Newgate mu 1593 atamangidwa chifukwa chobisa wansembe. Donne adadzasiya Chikatolika, ndipo maso ake adali pa ntchito zaboma. Adakhala mlembi wa Sir Thomas Egerton, mmodzi wa akuluakulu a mfumukazi Elizabeth, nalowanso m'nyumba ya malamulo mu 1601. Kumapeto kwa chaka chomwecho adakwatira mobisa Anne More, wachibale wa mkazi wa bwana wakeyo. Apongozi atamva adakalipa koopsa, Donne adatsekeredwa m'ndende ya Fleet, ntchito n'kuthera pomwepo.

Zaka zoposa khumi zotsatira adakhala akudalira achibale ndi anthu achuma omumvera chisoni, ana akubadwa pafupifupi chaka ndi chaka, iye akulemba makalata opempha ntchito osaipeza. Anzake ankamuuza kuti alowe unsembe, iye n'kumakana. Mfumu James I nayo idaonetsa poyera kuti malo ake ndi mu mpingo basi. Adadzozedwa mu Januwale 1615 ali ndi zaka 42.

Muone tsono. Ngati pali munthu woyenera kunenedwa kuti adathawira ku tchalitchi, ndi ameneyu: wopanda ntchito, wa ana ambiri, wodziwika ndi ndakatulo zachikondi zina zosati n'kuwerengera pa guwa. Ndipo ine sindikana kuti umphawi udamukankha. Chimene ndikukana, ndipo ndikukanitsitsa, n'chakuti kukankhidwa kumachotsa choonadi cha mayitanidwe. Yona adakafika ku Nineve atalavulidwa ndi chinsomba, koma uthenga adaupereka ndipo mzinda udalapa. Anthu amene amafuna kuti wansembe aliyense akhale woti adalota maloto ali mwana amandidabwitsa, chifukwa iwo eni ntchito zawo adazipeza mwa njira zokhotakhota, ndipo palibe amawafunsa.

Zimene adachita atalowa

Apa ndiye pagona nkhani. Mkazi wake adamwalira mu 1617 atangobereka mwana wachi 12, amene adabadwa wakufa, ndipo Donne sadakwatirenso. Mu 1621 adasankhidwa kukhala mkulu wa tchalitchi chachikulu cha St Paul's ku London. Maulaliki ake pafupifupi 160 alipobe mpaka lero. Atadwala mwakayakaya mu 1623 adalemba mapemphero ndi malingaliro ali gone pa bedi, akumva mabelu olirira anthu ena, ndipo adasindikizidwa chaka chotsatira. Mu Febuluwale 1631, thupi litatheratu, adakwerabe pa guwa ku nyumba yachifumu ya Whitehall kulalikira za imfa pamaso pa Mfumu Charles I, ndipo pa 31 Malichi adatsikira kulichete. Wongofuna malipiro akadagona kunyumba, pakuti udindo adali nawo kale.

Inuyo pitani kwa ansembe a parishi yanu, muwauze zonse, ndi za ntchito yothayo yomwe, osabisa kanthu. Iwo ndiwo angakufikitseni kwa abishopu, ndipo dayosizi ili ndi njira yake yoyesera munthu asadatumizidwe kukaphunzira. Musanapite kumeneko, khalani pansi ndi alamu muwerengetsere limodzi za chakudya ndi fizi ya ana pa zaka zamaphunzirozo, chifukwa katundu wolemera adzasenza ndi iwowo. Alamuwo akakana, dikirani kaye.