Ntchito zomanga ku Mangochi kuno zimabwera ndi anthu amene anakuonanipo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga: munalembetsa kampani yomanga chaka chatha, mapepala muli nawo, koma mwaponya ma tenda anayi (mapepala opikisanirana ntchito) osapata ngakhale imodzi, ndiye mukufunsa kuti anzanu ntchito amazipeza bwanji komanso mungadziwane bwanji ndi "anthu oyenera". Ine ndakhala pa ntchito imeneyi zaka zingapo, kuyambira pa boma pano mpaka ku Namwera ndi Monkey Bay, ndiye ndikuuzani momwe ndaonera.

Za mapepala ndidutsapo msangamsanga poti mwati muli nawo. Ingoonetsetsani kuti satifiketi ya bungwe loyang'anira ntchito zomanga (CIRA, lomwe kale linkatchedwa NCIC), ya PPDA (bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma) ndi kalata ya MRA yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho sizinathe nthawi. Anthu ambiri amagwa pamenepa envelopu ikangotsegulidwa, mtengo wawo asanauyang'ane n'komwe. Koma dziwani kuti mapepala amangokulowetsani pakhomo. Akakufunsani kuti "munamangapo chiyani, kuti?" mukufunika kuloza chinthu chooneka.

Ndiye funso lenileni ndi lakuti ntchito yoyamba yolozayo muitenga kuti. Ine ndikuti yang'anani abale athu ali ku Joni. Yendani ku Makawa, ku Namiasi, ku Chimwala, muwerenge nyumba zamalata zimene zaima pa windo kapena pa lintala, udzu utamera mkati. Zambiri mwa izo eni ake ali ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town. Ndalama anatumiza ndithu, koma zinathera panjira. Munthu ameneyu sakusowa mmisiri, amisiri ndi mbwee. Akusowa munthu woti akamutumizira ndalama ya matumba 40 a simenti, matumba 40 afikedi pamalopo.

Ine ndinaphunzira movutikira. Ndinkamanga nyumba ya bambo wina amene anali ku Joni, zipangizo ankagula ndi mng'ono wake. Tsiku lina ndinafika m'mawa ndikupeza matumba asanu ndi limodzi palibe, atiuza kuti "anabwereka achibale, abweza". Ndinakhala chete poopa kudanitsa anthu pabanja. Simenti itatha khoma lisanafike pomwe tinapangana, wakuba ndinasanduka ine. Kuyambira pamenepo ndimatsegula gulu la WhatsApp la anthu atatu: mwini nyumba, wachibale amene akuyang'anira, ndi ine. Katundu akatsika pa lole ndimajambula ali chiwunjikire, lisiti pamwamba. Loweruka lililonse ndimatumiza kavidiyo ndikuzungulira nyumba yonse, ndikuwerenga mizere ya mabuloko mokweza. Ndalama ndimapempha pang'onopang'ono: ya maziko, ya khoma mpaka pa lintala, ya denga, ya pulasitala. Sindilandira ya gawo lotsatira mwini wake asanaone kuti loyambalo latha. Anthu a ku Joni amakhala moyandikana, amagwira ntchito limodzi, amaswali limodzi. Kavidiyo kamodzi kaja kamaonedwa ndi anthu khumi, ndipo foni yotsatira imachokera kwa mmodzi wa iwowo.

Wachibale woyang'anira uja musamuone ngati mdani. Mulemekezeni, mumufunse maganizo, asayine nawo m'kabuku ka katundu. Mukamunyoza, ndi amene adzakuipitsireni mbiri m'mudzi monse. Chimodzimodzinso amfumu: musakumbe maziko musanakapereke moni ndi kumva ngati malirewo alibe mkangano. Ngati Chiyao simuchidziwa, phunziraniko ngakhale moni wokha. Ndipo poti anyamata ambiri kuno ndi Asilamu, konzani ntchito podziwa kuti Lachisanu masana apita ku mzikiti, komanso m'mwezi wa Ramadani musaike ntchito yothira konkire dzuwa lili paliwombo. Zing'onozing'ono zoterezi ndi zimene zimapangitsa amisiri abwino kukhala nanu.

Ubale wina umene anthu amaupeputsa ndi wa kwa mwini hadiweya ndi wa lole ya mchenga ndi kwale. Tsiku limene kasitomala wachedwa kutumiza ndalama koma denga likufunika kutsekedwa mvula isanagwe, amene angakupulumutseni ndi wa hadiweya wokukhulupirirani. Mukatenga pangongole bwezani tsiku lomwe munanena, ngakhale mutsale opanda ya mafuta. Kotesheni yanu izikhalanso ndi malire a masiku. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzathu amene analonjeza mtengo umodzi wa nyumba yonse analira, ndipo makasitomala anawatcha akuba pomwe vuto linali la pepala losalembedwa bwino. Simenti ikupangidwa konkuno ku Njereza, koma sizitanthauza kuti mtengo wake umaima.

Kumbali ya kunyanja, pitani mukadzionetse kwa mamanijala a malo ogona alendo. Madzi a m'nyanja atakwera mu 2024 malo ambiri anaonongeka, ndipo ntchito zokonza makoma, zimbudzi ndi mipanda sizitha. Musakane ntchito yaing'ono. Amene wakuitanani kudzakonza thanki ya chimbudzi lero ndi yemweyo adzafune zipinda zinayi mawa.

Tsopano za kukhonsolo, poti ndikudziwa kuti mtima wanu uli kumeneko. Inde, ntchito za CDF (thumba la chitukuko cha m'dera la phungu) ndi zina za chitukuko zilipo: midadada ya sukulu, nyumba za aphunzitsi, milatho ing'onoing'ono. Kudziwika ku ofesi ya zomangamanga si tchimo. Pitani, siyani mbiri ya kampani yanu yokhala ndi zithunzi ndi manambala a anthu amene munawamangira, muziwerenga zolengeza pa bolodi ndi m'nyuzipepala. Mukagwa pa tenda, lembani kalata yofunsa chomwe munalakwitsa. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2018 ntchito za boma sizilola njerwa zootcha, ndiye mtengo wanu uzikhala wa mabuloko a simenti. Koma wina akakuuzani kuti "tiponyereni kangachepe, ntchito ndi yanu", thawani. Kupatula kuti ndi mlandu wa ku ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu, ndalama imeneyo mudzaibweza pochepetsa simenti, khoma lidzang'aluka, ndipo dzina lolembedwa pa chikwangwani ndi lanu, osati lake. Dziwaninso kuti malipiro a ntchito zoterezi amatha kuchedwa, ndiye osalowamo mulibe kandalama kosungira anyamata. Ntchito ya ku Makanjira muiwerengere bwino mayendedwe, makamaka nthawi ya dzinja.

Njira ina yachidule ndi kugwira pansi pa kontilakitala wamkulu. Mupangane polemba, ndipo pomaliza mupemphe kalata yoti munagwira gawo lakutilakuti. Kalata ziwiri zoterozo ndi nyumba imodzi ya wa ku Joni yomalizidwa bwino, envelopu yanu yachisanu idzakhala ndi choonetsa. Ngati muli pafupi ndi pa boma, ndilembereni ku inbox, ndikuonetseni kabuku kanga ka katundu momwe ndimakalembera.